M'makona a Gunma, potsata matayala a Hachi-Roku

Lolemba: Takasaki ndi Shibukawa

Ndafika ku Gunma, chigawo cha ku Japan. Sitima yothamanga kwambiri ya Shinkansen yochokera ku Tokyo sinathe ndi ola lomwe isananditule ku Takasaki, komwe alamu anga anali akundidikira kale pa siteshoni. Iwowa akhalitsa kuno, amagwira ntchito pa fakitale ina, ndipo atenga tchuthi kuti andiyendetse. Galimoto yawo ndi tija tating'onoting'ono ta injini ya 660cc, ta nambala yachikasu. Chiwongolero chili kumanja, amayenda kumanzere, choncho maso sanavutike kuzolowera msewu.

Amene simukudziwa chomwe ndadzera kuno, ndadzera katuni. Dzina lake ndi Initial D. Anaiyamba ngati nkhani ya zithunzi ndi Shuichi Shigeno mu 1995, m'magazini ya Weekly Young Magazine, ndipo anaimaliza mu 2013 itakwana mabuku 48. Pa kanema inayamba kuonetsedwa mu 1998, kenaka kunabwera zigawo zina motsatizana, filimu ya mu 2001, mpaka chigawo chomaliza mu 2014. Ine ndinaidziwira pa ma DVD obwerekana ndili ku sekondale. Nkhani yake ndi ya Takumi Fujiwara, mnyamata wa zaka 18, mwana wa bambo wopanga tofu, chakudya choyera chofewa chochokera ku soya. Kuyambira ali ndi zaka 13, m'bandakucha uliwonse, bambo ake a Bunta amamutuma kukatula tofu ku hotela ya pamwamba pa phiri la Akina pa galimoto yakale, Toyota Sprinter Trueno AE86, imene kuno amangoti Hachi-Roku. Pofuna kubwerera msanga kuti akagoneko pang'ono asanapite ku sukulu, mnyamatayo anaphunzira kutsika phirilo mwa liwiro loti akatswiri a mipikisano ya usiku sangamupeze. Iye mwini sankadziwa n'komwe kuti ali ndi luso. Kwa iye inali ntchito ya pakhomo basi.

Phiri la Akina pa mapu palibe, koma aliyense kuno amadziwa kuti ndi Haruna. Mapiri ena onse a m'nkhaniyi ali ndi mayina awo enieni.

Madzulo tinapita ku Shibukawa, tauni ya Takumi. Ndi tauni yabata, masitolo ambiri amatseka msanga. Akuluakulu a tauniyi anailandira katuniyi ngati yawo, moti zivundikiro zina za ngalande za mumsewu anazijambula magalimoto ndi anthu a mu Initial D, za utoto wowala. Ndinaona anyamata awiri olankhula Chitchaina atagwada pansi akujambula chimodzi. Alamu anandiyang'ana n'kuti, "Alamu, gwadani nanunso, tabwerera zomwezi." Ndinagwada.

Lachiwiri: Ikaho ndi Haruna

Lero ndiye tsiku lomwe ndakhala ndikuliyembekeza, ndipo ndilemba zambiri, mundipirire.

Tinayambira ku nyumba yosungirako zidole ndi magalimoto akale, panjira yopita ku Ikaho. Mkati mwake anamangamo kumaso kwa sitolo ya tofu ya a Fujiwara, ndi chikwangwani chake, pokumbukira sitolo yeniyeni ya ku Shibukawa imene anajambulirapo filimu ya anthu enieni ya mu 2005, momwe Jay Chou anasewera ngati Takumi. Pakhomo pake paima Hachi-Roku yoyera kumtunda, yakuda kumunsi, nyali zake zotukuka zija, dzina la sitolo litalembedwa pachitseko cha dalaivala. Chinandidabwitsa ndi kuchepa kwake. Ndi kagalimoto kafupi, kopyapyala, matayala ang'onoang'ono. Toyota inapanga mtundu umenewu kuyambira 1983 mpaka 1987, injini ya 4A-GE ya 1600cc, mphamvu ya akavalo 130, kulemera kosafika tani imodzi, ndipo mphamvu imapita ku matayala akumbuyo. Pamene nkhaniyi imayamba n'kuti galimotoyi ili yachikale kale. Anzake ambiri a mumpikisano anali ndi ma turbo ndi mphamvu yoposa yake kutali. Apa ndi pomwe pagona kukoma kwa nkhani yonse: pokwera phiri, mphamvu ya injini ndiyo imalamula, koma potsika, phiri lenilenilo limakukankha, ndiye chotsala ndi kupepuka kwa galimoto, mabuleki, ndi kudziwa msewu.

Ku Ikaho tinaimako kaye. Ndi tauni ya akasupe a madzi otentha, yomangidwa m'mbali mwa masitepe a miyala okwana 365. Madzi ake ndi ofiirira chifukwa cha chitsulo, ndipo amatsika m'ngalande pakati pa masitepewo akufuka nthunzi. Tinadya timabanzi tofiirira ta nyemba zotsekemera mkati, totentha, kenaka tinalowa mu msewu nambala 33.

Abale, msewu uja ndinaudziwa ndisanauyendepo. Kona iliyonse ili ndi nambala yake pa kachikwangwani. Zitsulo zoyera zotchinga m'mbali, magalasi ozungulira oonera galimoto yobwera kutsogolo, mitengo yoweramira mumsewu, zonse zili momwe Shigeno anazijambulira. Titafika pa makona asanu otsatizana aja, akuthwa ngati chigongono, ndinapempha alamu kuti aime pamalo otakasuka chapamwamba, ndipo ndinatsika wapansi kukaona ngalande.

Amene munaonera mukukumbukira. Pa mpikisano wake woyamba, Takumi akulimbana ndi Keisuke Takahashi wa Mazda RX-7 yachikasu. Pa makona amenewa akugwetsera matayala a mbali yamkati mu ngalande ya madzi a mvula, kuti galimoto ikole m'mphepetemo n'kukhota pa liwiro loti ikanaponyedwa kunja. Ngalandeyo ilipodi, ya simenti, yosazama, lero inali yodzaza masamba. Ndinaikamo phazi. Munthu wojambula nkhaniyi anayenda pansi pano n'kuona kanthu kamene aliyense amangokapitirira, n'kukasandutsa mtima wa mpikisano. Ndipo m'nkhanimo Takumi sanakaphunzire kwa katswiri aliyense. Anakatulukira yekha m'nyengo yachisanu, pofuna kuti galimoto isatereke pa chipale tofu ali kumbuyo.

Ndikaganiza bwino, zimene ndimakondera katuniyi si liwiro. Ndi kapu ya madzi ija. A Bunta amathira madzi m'kapu ya pepala n'kuiika pafupi ndi chiwongolero, ndipo lamulo ndi lakuti madzi asatayike, chifukwa akatayika ndiye kuti tofu kumbuyoko waphwanyika. Kuti madzi azingozungulira m'kapu osasefukira, dalaivala ayenera kuponda buleki mofatsa, kusamutsa kulemera kwa galimoto kuchoka kumbuyo kupita kutsogolo mosadzidzimutsa, kukhotetsa chiwongolero kamodzi kokha mosabwezabweza. Zaka zisanu, mvula, chipale, chifunga, msewu umodzimodzi. Anyamata ena onse m'nkhaniyi amafuna kutchuka, amagula zipangizo, amawerenga magazini. Takumi anavomera mpikisano woyamba chifukwa bambo ake anamulonjeza galimoto ya tsiku lonse ndi thanki yodzaza mafuta, kuti apite ndi mtsikana kunyanja. Amene anakulira pakhomo pa geni, wodzutsidwa usiku kukathandiza ntchito anzake ali mtulo, amamumva mnyamata ameneyu.

Msewu weniweniwu ndi wopapatiza kuposa momwe umaonekera pa kanema. Mumadutsa mabasi, magalimoto a katundu wa m'mahotela, agogo pa timagalimoto tawo, ndi anthu a njinga zakapalasa. M'malo ena a boma anaumba phula kukhala ndi mafunde, kuti wothamanga galimoto imudumphire, ndipo pamakona ena pali mizere yakuda ya matayala yosonyeza kuti usiku kumabwerabe anthu. Alamu akuti eni dera sasangalala ndi phokosolo, ndipo ine ndili mbali yawo. Pa kanema pamakhala anyamata a mawailesi a m'manja pa kona iliyonse odziwitsa kuti kutsogolo kulibe galimoto. Pamsewu weniweni palibe amene angakulonjeze zimenezo.

Pamwamba msewu umawongoka n'kulunjika kunyanja. Pamenepo anadula timizere m'phula, moti ukayenda pa liwiro la makilomita 50 pa ola matayala amaimba nyimbo. Alamu anatseka mawindo kuti timve bwino, ndipo inamvekadi, ngati munthu akung'ung'udza pansi pa galimoto. Nyanja ya Haruna ili m'chigwa cha phiri lomwe kale linkaphulika moto, pamtunda wopitirira mamita 1,000, ndipo pambali pake pali kaphiri kosongoka bwino kotchedwa Haruna Fuji, ka mamita 1,391. Mabwato opangidwa ngati tsekwe anali ndandanda pagombe. Kunkazizira koopsa. Pamalo oimika magalimoto panali Hachi-Roku ziwiri, RX-7 yoyera, ndi Nissan Silvia, eni ake ambiri a imvi kumutu. Mmodzi, bambo wachikulire, ataona kuti ndikuizungulira galimoto yake, anatsegula boneti osanena kanthu. Injini yoyera ngati yotsukidwa ndi sopo. Ndinawerama kuthokoza, nawonso anawerama.

Tinatsika dzuwa litapendeka, pa giya yachiwiri, kumbuyo kwa basi.

Lachitatu: Akagi

Mvula kuyambira m'mawa. Tinapitabe ku Akagi, kudzera ku Maebashi, kulowa pansi pa chipata chachikulu chofiira chimene chatangadza msewu. Kuno ndi kwawo kwa gulu la RedSuns, la Ryosuke Takahashi ndi mng'ono wake Keisuke, ana a dokotala mwini chipatala. Msewu wake ndi wotakasuka kumunsi, wamakona ambiri kumtunda, ndipo ukuoneka kuti ndi wa magalimoto amphamvu. Pa phiri limeneli ndi pomwe injini ya Hachi-Roku inaphulika Takumi akuthamangitsana ndi Kyoichi Sudo wa Lancer Evolution III, m'chigawo chachiwiri. Chimene chimandikhudza pa gawo limenelo ndi a Bunta. Akubwera ndi galimoto yokokera, mwana ali kulira, ndipo iwo osakalipa, akungomuuza kuti si kulakwa kwake. Injiniyo inali itatopa kale, ndipo yatsopano anali ataikonzeratu.

Pamwamba, panyanja ya Onuma, chifunga chinatseka zonse. Nsonga yaitali ya phirili ndi mamita 1,828 koma sitinaione. Tinamwa msuzi wotentha n'kubwerera.

Madzulo kunyumba tinaonera mafilimu atatu atsopano aja, a mu 2014, 2015 ndi 2016, omwe anabwereza chiyambi cha nkhaniyi. Zithunzi zake ndi zosalala, magalimoto okongola kwambiri kuposa a mu 1998, omwe anapangidwa pa kompyuta za nthawi imeneyo ndipo amaoneka ngati mabokosi. Koma anachotsamo Eurobeat, nyimbo zovina zothamanga za m'katuni yakale ija, n'kuikamo za magitala, ndipo kwa ine mpikisano wopanda Eurobeat sugunditsa mtima. Alamu akuti atsopanowa ndi abwino chifukwa sachedwa ndi zokamba. Ine ndimakonda zokambazo: Itsuki ndi Iketani, anzake a Takumi, pamalo omwetsera mafuta, kulota magalimoto omwe malipiro awo sangagule. Tagona tisanagwirizane.

Lachinayi: Myogi ndi Usui

Kwacha bwino. Myogi ndi phiri losiyana ndi anzake awiri aja. Haruna ndi Akagi ndi otambalala, koma ili ndi miyala yosongoka ngati mano a sowo, yoimirira chilili, ngakhale kutalika kwake ndi mamita 1,104 okha. Atatuwa pamodzi ndiwo mapiri otchuka a Gunma. Kuno ndi kwa NightKids, gulu la Takeshi Nakazato wa Skyline GT-R yakuda, munthu amene amanyoza drift, kutereketsa galimoto cham'mbali pokhota, kuti ndi chionetsero chabe, iye amakhulupirira matayala ogwira phula. Pa mfundo imeneyi sanalakwe kwenikweni: pa phula louma, kutereketsa galimoto cham'mbali nthawi zambiri kumachedwetsa. Chinamugonjetsa ndi kulemera kwa galimoto yake, komwe kunatopetsa matayala akutsogolo ndi mabuleki potsika. Katuniyi imafotokoza zinthu zotere mosamala, ndipo n'zosadabwitsa, chifukwa amene ankawalangiza opanga ndi Keiichi Tsuchiya, katswiri wa mipikisano yeniyeni amene anayambira m'misewu ya m'mapiri n'kudzatchuka pa Hachi-Roku yomweyi.

Nkhomaliro tinadyera ku Yokokawa, pa Oginoya. Amagulitsa mpunga wophikidwa ndi nkhuku, bowa, nsungwi zanthete, dzira la zinziri ndi zina, m'kamphika kadothi komwe umatha kupita nako kwanu. Chakudyachi anayamba kuchigulitsa mu 1958, kwa apaulendo a pa sitima. Pabwalo lake loimika magalimoto ndi pomwe Iketani anakumana ndi Mako, mtsikana amene sankadziwa kuti ndiye dalaivala wothamanga kuposa onse pa Usui, pa Nissan Sileighty yabuluu, mnzake Sayuki ali pambali kumuwerengera makona. Nkhani ya awiriwa imandiwawa mpaka lero. Iketani anadziderera, anaganiza kuti mtsikana wotero sangamufune, ndipo pomwe amasintha maganizo n'kuthamangira pamalo omwe anapangana, anapeza atapita.

Msewu wakale wa Usui, wopita ku Karuizawa m'chigawo cha Nagano, uli ndi makona 184, onse olembedwa manambala. Palibe pomwe chiwongolero chimapuma. Ndi msewu wamdima, mitengo yakumana pamwamba, masamba onyowa m'mbali, ndipo tinakumana ndi anyani atakhala pa zitsulo zotchinga. Amene munakwerapo msewu wa Gorodi wopita ku Livingstonia mukudziwa mmene m'mimba mumachitira kona ikangotha ina n'kuyamba; kuno kusiyana kwake ndi phula ndiponso kuti makonawo satha msanga. Tinaima pa kona ya 121, yotchuka m'katuniyi, yotakasuka polowa koma yopanikiza potuluka.

Chimene sindinachiyembekeze ndi mlatho. Ukungotuluka pa kona ina, pamwamba pako pali mlatho wa njerwa zofiira wa mabowo anayi, wotalika mamita 31 kuchoka pansi, mamita 91 m'litali. Amautcha Megane-bashi. Anaumaliza mu 1892 ndi njerwa pafupifupi 2 miliyoni, kuti sitima ikwere chitunda chimenechi, chomwe chinali chotsetsereka kwambiri moti pakati pa njanji anaikapo mano achitsulo oti injini izikolapo. Sitima zinasiya kudutsa pa mlathowu mu 1963, ndipo njanji yonse ya pakati pa Yokokawa ndi Karuizawa inatsekedwa mu 1997 itabwera Shinkansen. Tsopano ndi njira ya oyenda pansi. Tinakwera masitepe n'kuyenda pamwamba pake, n'kulowa m'njira zozizira za sitima zoboola phiri. Ukaima pamenepo n'kuyang'ana pansi, msewu ukuoneka ukupindika ngati chingwe, ndipo umamvetsa chifukwa chake misewu iyi inasanduka bwalo la anyamata. Magalimoto ambiri anasamukira ku msewu wolambalala ndi msewu waukulu wolipira, wakalewu n'kutsala wopanda anthu usiku.

Pobwerera alamu anandikumbutsa kuti Subaru amapangira ku Ota, m'chigawo chomwechino. Ndiye a Bunta pogula Impreza yabuluu ija, imene anamupitirira nayo mwana wawo pa Akina osadziulula, anagula galimoto ya kwawo.

Lachisanu: Irohazaka

Tinanyamuka kusanache chifukwa nyengo ino ya masamba ofiira msewu wa ku Nikko umadzaza. Tatuluka mu Gunma, talowa m'chigawo cha Tochigi.

Irohazaka ndi misewu iwiri, wina wokwera wokhawokha, wina wotsika wokhawokha. Wokwera uli ndi makona 20, wotsika 28, pamodzi 48, ndipo kona iliyonse ili ndi chikwangwani cha chilembo chimodzi cha zilembo zakale za Chijapani motsatana. Pamwamba pali nyanja ya Chuzenji ndi mathithi a Kegon, omwe madzi ake amagwa mamita 97. Tinawaona, ndi okongola, koma mtima wanga unali pa msewu wotsika.

Mu filimu ya mu 2001, Takumi akubwera kuno ndi injini yatsopano ija, yozungulira mpaka 11,000 pa mphindi, kudzabweza ngongole kwa Kyoichi. Kenaka akukumana ndi Kai Kogashiwa wa Toyota MR2, mwana wa mdani wakale wa a Bunta. Chifukwa msewu ndi wa mbali imodzi, palibe mantha a galimoto yobwera kutsogolo, ndipo makona ndi otsetsereka moti mkati mwa kona muli ngati sitepe. Kai akudumphitsa galimoto pamenepo, kudula kona m'malere. Kale ndinkaona ngati apa wolemba anawonjeza. Lero ndaona mmene msewu wapansi umakhalira pafupi, kunsi kwenikweni kwa wapamwamba, ndipo ndaona pomwe ganizolo linachokera, ngakhale galimoto yeniyeni ingathyoke miyendo. Mpikisanowo unathera pa masamba: chakumapeto, pa milatho, Kai anaponda masamba ouma owunjikana n'kuzungulira. Masamba omwewo anali mbwee m'mbali lero, achikasu ndi ofiira.

Kutsogolo kwathu kunali basi yaikulu ya alendo. Ndinaiyang'anitsitsa njira yonse. Pa kona iliyonse dalaivala amayamba wapita kunja kwenikweni, mphuno ya basi n'kudutsa pamwamba pa mzere, pafupi kukhudza chitsulo, kenaka n'kukhota kamodzi, thupi lonse la basi n'kutsatira osagunda paliponse. Nyali za mabuleki zimayaka pamalo amodzimodzi kona isanafike, n'kuzima. Anthu m'katimo ankajambula mapiri pa mawindo, palibe amene ankagwira mpando. Ndinauza alamu kuti, "Uyu ndiye Takumi weniweni." Iwo anati, "Ameneyo amatsika muno mwina kangapo pa tsiku, alamu. Akhoza kukuuzani pomwe pali bampu iliyonse." Makona 28 onse sanabwerere m'mbuyo ngakhale kamodzi.

Pansi mabuleki a kagalimoto kathu ankanunkha, ndiye tinaima kuti azizire, tikudya yuba, kachikopa ka pamwamba pa mkaka wa soya komwe Nikko imatchuka nako.

Loweruka: Takasaki

Ndikulongedza. Hakone, komwe kunachitikira mpikisano womaliza wa Project D, gulu la Ryosuke limene Takumi anadzalowamo, ili kutali kum'mwera kwa Tokyo, m'chigawo cha Kanagawa, ndipo ulendo uno sindifikako. Kumeneko ndi komwenso Shigeno anaika nkhani yake yotsatira, MF Ghost, imene inayamba kuonetsedwa pa kanema mu 2023.

Ena mwandifunsa ngati munthu angafike m'malowa popanda galimoto. Ku Haruna n'zotheka: sitima mpaka Shibukawa, basi mpaka Ikaho, ndipo palinso basi yokwera kunyanja kudzera mu msewu nambala 33 womwewo, choncho makona asanu aja muwaona muli pawindo. Ku Usui, tsikani sitima pa Yokokawa n'kuyenda pansi m'njira ya njanji yakale mpaka pa mlatho. Ku Nikko mabasi amakwera ndi kutsika Irohazaka tsiku lonse. Akagi ndi Myogi ndi komwe galimoto imafunika kwambiri. Mukabwera pakati pa Disembala ndi Malichi, m'mapirimu mumakhala chipale ndi madzi oundana, ndipo obwereketsa magalimoto muwauze kuti mukufuna matayala a nyengo yozizira. Sitima yanga inyamuka masana ano.